Telala wa m'selo akasokoneza: mafunso ndi mayankho pa kadulidwe ka RNA ndi khansa ya chiwindi

Anthu ambiri akamva za khansa amaganiza za jini yoonongeka, ndipo sakulakwa. Koma ofufuza za chiwindi akhala akupezanso chinthu china chodabwitsa: jini ili bwinobwino, chilembo chilichonse chili pamalo pake, koma puloteni yotuluka ndi ina. Chasokonekera ndi pakati pa njira, pamene uthenga wa jiniyo umadulidwa ndi kusokedwa. Tinenerenso poyamba kuti majini amene tikukamba pano si ziwanda za m'nthano zija, ndi ndime za malangizo a chibadwa zimene zili m'thupi la aliyense.

Kodi RNA n'chiyani, ndipo amaidula ndani?

Thupi linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo muli kachipinda kosungiramo DNA. DNA ndiye buku lalikulu la malangizo, ndipo silituluka m'kachipindamo. Selo likafuna kupanga puloteni limakopera ndime imodzi ya bukulo. Kopeyo ndiye RNA.

Kope yoyambayo sigwira ntchito mmene ilili. Ili ngati nsalu yongochoka kumene m'sitolo, yaitali, yosadula. Ili ndi zigawo zofunika, zimene asayansi amati ma exon, ndipo pakati pa zigawozo pali zina zitalizitali zoyenera kutayidwa, ma intron. Telala wake ndi chimakina cha m'selo chotchedwa spliceosome, chopangidwa ndi tizidutswa tisanu ta RNA, U1, U2, U4, U5 ndi U6, pamodzi ndi mapuloteni oposa 100. Telala wa pakhonde la sitolo amatsata mzere wa choko. Uyu amatsata zilembo: pafupifupi intron iliyonse imayamba ndi GU n'kuthera pa AG. Akadula, amasoka ma exon otsalawo kukhala uthenga umodzi, ndipo uthengawo ndi umene umatuluka kukapangitsa puloteni. Ntchito yonseyi pa Chingelezi amati splicing.

Zotayidwa n'zambiri kuposa zosungidwa. Jini ya dystrophin, puloteni ya m'minofu, ili ndi zilembo zoposa 2 miliyoni ndi ma exon 79, koma uthenga womalizidwa uli ndi zilembo pafupifupi 14,000 zokha.

Zimenezi zinadziwika mu 1977, pamene gulu la Phillip Sharp ku yunivesite ya MIT ndi la Richard Roberts ku labotale ya Cold Spring Harbor, konseko ku America, aliyense payekha, anaona kuti majini a kachilombo ka adenovirus ali zidutswazidutswa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1993.

Nanga akamati alternative splicing, kwasiyana pati?

Chitenje chimodzi telala atha kusokapo malaya, diresi, kapena siketi ndi duku lake. Nsalu ndi yomweyo, chasintha ndi kadulidwe. Selo nalonso limatha kusunga exon ina lero, mawa n'kuidumpha, kapena kusankha imodzi mwa ziwiri zoyandikana. Jini imodzi imatulutsa mapuloteni angapo, ndipo nthawi zina mapuloteniwo amachita zinthu zotsutsana. Jini ya BCL-x ikadulidwa motalika imapanga puloteni yoletsa selo kufa. Ikadulidwa mofupika imapanga yothandiza selo kufa.

Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000 basi, ndipo kafukufuku wa mu 2008 anasonyeza kuti mwa majini okhala ndi ma exon angapo, oposa 90 pa 100 aliwonse amadulidwa m'njira zoposa imodzi. Choncho si matenda ayi. Ndi mmene thupi limagwirira ntchito tsiku lililonse. Katswiri pa zimenezi ndi kantchentche ka pa zipatso zakupsa: jini yake imodzi, Dscam, itha kudulidwa m'njira 38,016.

Amene amauza telala podula ndi mapuloteni ena amene amakakamira pa RNA. Gulu lina ndi ma SR, amene kawirikawiri amati "ichi sungani", lina ndi ma hnRNP, amene kawirikawiri amati "ichi dumphani". Gulu limodzi likachuluka kapena kuchepa m'selo, kadulidwe ka majini mazanamazana kamasintha nthawi imodzi.

Zikukhudzana bwanji ndi khansa ya chiwindi?

Khansa yoyambira m'chiwindi imagwira anthu oposa 850,000 chaka chilichonse padziko lonse n'kupha oposa 750,000. Mwa khansa zonse, ndi yachitatu pa zopha anthu ambiri. Mtundu wofala kwambiri, hepatocellular carcinoma, umayambira m'maselo enieni ogwira ntchito ya chiwindi, ndipo sugwera chiwindi chathanzi mwadzidzidzi. Nthawi zambiri chiwindicho chimakhala kuti chavulazidwa kwa zaka 20 kapena 30 ndi hepatitis B, hepatitis C, mowa, mafuta, kapena poizoni wa chuku, mpaka chinachita zipsera n'kulimba.

Ofufuza akatenga chotupa n'kuchiyerekeza ndi mnofu wa chiwindi woyandikana nacho, amapeza kuti RNA ya majini ambirimbiri yadulidwa mosiyana. Chochititsa chidwi n'chakuti kusiyanako si kwachisawawa. Kumaloza mbali imodzi: chotupacho chikudula RNA mmene chimadulira chiwindi cha mwana wosabadwa.

Chiwindi cha munthu wamkulu n'kubwerera ku ukhanda? Zitheka bwanji?

Apa ndi pagona nkhani yonse.

Chiwindi cha mwana ali m'mimba chili ndi ntchito ziwiri zazikulu, kukula ndi kupanga magazi. Zosefa poizoni ndi zokonza chakudya amayi ndiwo amamuchitira zambiri. Mwana akabadwa, maselo a chiwindi amasiya pang'onopang'ono kuchulukana n'kuyamba ntchito ya chikulire: kusunga shuga, kupanga ndulu, kupanga mapuloteni a m'magazi, kuphwanya mankhwala. Kusinthaku sikuchitika poyatsa ndi kuzimitsa majini pokha. Majini ambiri amakhalabe oyaka, kungoti kadulidwe kawo kamasintha. Mu 2015 gulu la Auinash Kalsotra ku University of Illinois linasonyeza pa mbewa kuti puloteni yotchedwa ESRP2 imachuluka mwana akabadwa, ndipo ndiyo imatsogolera gawo lalikulu la kusinthaku. Mbewa zopanda ESRP2 zinakula ndi maselo a chiwindi osakhwima.

Tsono chiwindi chili ndi mphatso imene ziwalo zambiri zilibe: chimaphukanso. Dokotala atha kudula gawo loposa theka, chotsalacho n'kukula kubwerera pa msinkhu wake. Kuti zimenezi zitheke, maselo achikulire amayenera kubwerera ku chibwana kwa kanthawi. ESRP2 imatsika, majini oletsa kukula, monga a njira yotchedwa Hippo, amadulidwa mwaukhanda, mabuleki amamasuka, maselo amachulukana. Bala likapola ESRP2 imakweranso, zonse n'kubwerera mwakale.

Vuto limabwera bala likapanda kupola. Kachilombo kakakhala m'chiwindi zaka 30, kapena kachasu akamalowa tsiku ndi tsiku, kutupa sikutha, ndipo maselo samva belu lobwerera ku ntchito. Mu 2020 gulu la Anna Mae Diehl ku Duke University linapeza kuti mwa odwala chiwindi kwambiri chifukwa cha mowa, mapuloteni a kutupa amapondereza ESRP2, maselo ambiri n'kukanirira mu ukhanda. Maselo otero sagwira bwino ntchito, n'chifukwa chake wodwala amachita chikasu ndi kutupa mimba, komanso ali m'njira yochulukana mabuleki atamasuka. Selo lotero likapezanso jini yoonongeka, ulendo wa khansa wayambika.

Madokotala anadziwa kale mbali ina ya zimenezi asanamve za splicing. Puloteni ya AFP, imene amayeza m'magazi pokayikira khansa ya chiwindi, ndi ya mwana wosabadwa. Garri Abelev wa ku Moscow anaipeza mu mbewa za zotupa za chiwindi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960.

Tapatseni zitsanzo zenizeni za majini amene amadulidwa mosiyana.

Chitsanzo chokoma kwambiri ndi cha KHK, puloteni imene imayamba kuphwanya fructose, shuga wa m'zipatso ndi uchi, amenenso ndi theka la shuga wothira mu tiyi. Jini yake ili ndi ma exon awiri oyandikana, 3A ndi 3C, ndipo selo limasankha imodzi. Chiwindi chathanzi chimasankha 3C n'kupanga KHK-C, yaliwiro pa fructose. Mu 2016 gulu la Zhimin Lu ku MD Anderson Cancer Center ku Houston linasonyeza kuti maselo a khansa ya chiwindi amasankha 3A. KHK-A ndi yaulesi pa fructose, koma ili ndi ganyu ina: imadzutsa puloteni ya PRPS1, imene imayambitsa kupanga njerwa zomangira DNA ndi RNA. Selo lofuna kugawikana mosalekeza likufuna njerwa zimenezo kuposa china chilichonse. Amene amalamula kusinthaku ndi c-Myc, jini yodziwika kale pa khansa zambiri, kudzera mu hnRNP H1 ndi H2.

Chachiwiri ndi kachitseko kolandirira insulin pakhungu la selo. Exon 11 ya jini yake ili ndi zilembo 36 zokha. Ikasungidwa pamatuluka IR-B, ya chiwindi cha munthu wamkulu, yomvera insulin pa nkhani ya shuga. Ikadumphidwa pamatuluka IR-A, ya ukhanda, imene imamveranso IGF-2, puloteni youza maselo kuti akule. Ofufuza a ku Paris anasonyeza mu 2013 kuti zotupa zambiri za chiwindi zimapendekera ku IR-A. Taganizani: zilembo 36 mwa zikwizikwi.

Chachitatu ndi PKM, jini ya puloteni yothandiza selo kuotcha shuga. Exon 9 imapereka PKM1, exon 10 imapereka PKM2. Chiwindi chathanzi chimadalira puloteni ina ya jini ina pa ntchito imeneyi, koma zotupa zambiri zimadzaza PKM2, imene imalola selo kupatutsa shuga kuti amangire maselo atsopano m'malo mongomuotcha. Otto Warburg anaona m'zaka za m'ma 1920 kuti zotupa zimameza shuga modabwitsa, ndipo PKM2 ndi mbali imodzi ya yankho lake.

Palinso CD44, KLF6, FGFR2 ndi ena ambiri. Mayina achuluka, koma nyimbo ndi imodzimodzi: kukula, kukana kufa, kusamuka.

Kodi kadulidwe kolakwikaka ndi kamene kamayambitsa khansa, kapena kamangobwera khansa itayamba kale?

Funso ili ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa selo la khansa ndi nyumba yosokonekera, ndipo m'nyumba yotero chilichonse chimaoneka cholakwika. Mwa zikwi za kusintha kumene makompyuta amapeza, zambiri ndi fumbi chabe.

Koma pali umboni wakuti zina zimatsogola. Gulu la Nicholas Webster ku University of California, San Diego, linachotsa puloteni imodzi ya gulu la SR, yotchedwa SRSF3, m'maselo a chiwindi cha mbewa. Sanazipatse poizoni kapena kachilombo. Mbewazo zinachita mafuta ndi zipsera m'chiwindi, ndipo zitakalamba zinachita khansa. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2015. Ku Pamplona, m'dziko la Spain, gulu la Carmen Berasain ndi Matías Ávila linapeza kuti puloteni ina, SLU7, imakhala itatsika kale m'chiwindi cha zipsera chotupa chisanaoneke, ndipo ikatsika, SRSF3 nayo imadulidwa molakwika. Telala akusokoneza zovala za telala mnzake.

Musathamangire kuganiza kuti mankhwala ake n'kungowonjezera SRSF3 kapena SLU7. Maselo amene asanduka kale khansa amadalira SLU7 kuti akhale moyo, ndipo SRSF3 imachuluka m'khansa zina, kuphatikizapo ya khomo la chiberekero. Puloteni yomweyo ndi mlonda m'selo lathanzi, koma m'selo lodwala ili mbali ya akuba.

Kusiyana kwina n'kwakuti m'khansa zina za m'magazi majini a spliceosome enieniwo, makamaka SF3B1, amapezeka ataonongeka kawirikawiri. M'chiwindi zimenezi sizichitikachitika. Majini oonongeka kwambiri kumeneko ndi TERT, TP53 ndi CTNNB1. Makina odulira ali bwino, asokonekera ndi akapitawo awo.

Ndiye kuti ndi matenda a kumtundu?

Ayi. Kusinthaku kumachitika m'maselo a chiwindi munthu ali moyo, ndipo sapatsira ana ake. Banja likamataya anthu angapo ndi khansa ya chiwindi, nthawi zambiri chimene chikuyenda m'banjamo ndi hepatitis B, wopatsirana pobereka kapena pakati pa ana aang'ono, ndipo nthawi zina ndi nkhokwe imodzi imene onse amadyako. Ofunika kukayezetsa magazi ndi abale onse.

Kachilombo ka hepatitis B kamalowerera bwanji pamenepa?

Kachilomboka ndi kakang'ono zedi, DNA yake ili ndi zilembo pafupifupi 3,200, ndipo kalibe telala wakewake. RNA yake imadulidwa ndi spliceosome ya munthu. Kadulidwe kofala kwambiri kamatchedwa SP1, ndipo mu 2000 ofufuza a ku Paris anasonyeza kuti kamatulutsa puloteni imene sinkadziwika, HBSP. Mu 2013 ofufuza a ku Melbourne anayeza magazi osungidwa a odwala kwa zaka zingapo, n'kupeza kuti tizilombo ta RNA yodulidwa tinkachuluka m'zaka zoyandikira kupezeka kwa khansa.

Komabe njira zazikulu zimene kachilomboka kamabweretsera khansa ndi zodziwika kale: kutupa kosatha, ndi kulowetsa zidutswa za DNA yake m'DNA ya munthu. N'chifukwa chake munthu wa hepatitis B atha kudwala khansa chiwindi chisanachite zipsera. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachilomboka, ndipo Africa ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene kachuluka kwambiri. Kuno khansayi imagwira anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, pamene ku Ulaya imadikira ukalamba.

Nanga chuku cha mu mtedza ndi chimanga?

Chuku chimalowera khomo lina. Nkhungu ya Aspergillus flavus imatulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo chiwindi poyesa kumuphwanya chimamusandutsa chinthu chokakamira pa DNA. Chilonda chake chimadziwika malo ake enieni: codon 249, kagulu ka zilembo zitatu pa jini ya TP53. Chinapezeka mu 1991 m'zotupa za odwala a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Mozambique, komanso a ku Qidong ku China. Uku ndi kuonongeka kwa buku lenileni, osati kwa kadulidwe.

Koma zonse zimakumana m'selo limodzi. TP53 ndiye mlonda amene amalamula selo loonongeka kuti lidziphe. Selo limene labwerera ku ukhanda, mabuleki atamasuka, mlondanso atafa, lilibe woliletsa. Munthu wokhala ndi hepatitis B amene amadyanso chuku chiopsezo chake chimawirikiza makumi angapo kuposa wopanda zonse ziwiri.

Chondiwawa ine n'chakuti mtedza wabwino timagulitsa, wonyala ndi wakudawo n'kusinja nsinjiro za pakhomo kapena chiponde cha ana. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa ndi kuitana nkhungu. Ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikuthetsa aflatoxin.

Kodi ndingapite kuchipatala kukayezetsa kadulidwe ka RNA yanga?

Ayi, ngakhale ku London kapena ku Johannesburg si kuyeza kwa masiku onse. Ndi ntchito ya m'malabotale a kafukufuku. RNA imaonongeka msanga, ndipo makina ambiri amaiwerenga tizidutswa tifupitifupi, kotero kudziwa kuti exon iyi inasokedwa ndi iti kuli ngati kulumikiza kalata yong'ambidwa. Makina atsopano a Oxford Nanopore ndi PacBio amawerenga uthenga wonse kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo akuvumbula mitundu ya RNA imene sinkadziwika. Cholinga n'kupeza chizindikiro cha m'magazi choposa AFP, imene m'zotupa zambiri zing'onozing'ono sikwera n'komwe.

Chimene chilipo lero kwa munthu wa zipsera za chiwindi kapena wa hepatitis B amene dokotala wamuika pa gulu la chiopsezo ndi kujambulidwa pamimba ndi makina a ultrasound miyezi 6 iliyonse, nthawi zambiri pamodzi ndi AFP.

Alipo mankhwala okonza kadulidwe kameneka?

Pa khansa ya chiwindi palibe amene avomerezedwa. Koma si maloto, chifukwa pa matenda ena zatheka. Nusinersen, amene anavomerezedwa ku America mu December 2016, ndi kachingwe kafupi kofanana ndi RNA kamene kamamata pamalo amodzi pa uthenga wa jini ya SMN2, telala n'kukakamizika kusunga exon 7. Ana obadwa ndi matenda ofooketsa minofu a spinal muscular atrophy, amene ambiri ankamwalira asanakwane zaka ziwiri, ena anayamba kukhala tsonga. Mtengo wake unali madola 750,000 chaka choyamba. Adrian Krainer wa ku Cold Spring Harbor, mmodzi mwa amene anayambitsa mankhwalawa, anayesa njira yomweyo pa PKM, ndipo mu 2022 gulu lake linasonyeza kuti kukankhira maselo kuchoka ku PKM2 kupita ku PKM1 kunachedwetsa zotupa za chiwindi mu mbewa. Chiwindi chili ndi mwayi wina: tizingwe totere tikabayidwa m'thupi timakonda kusonkhana m'menemo.

Njira ina ndi yamphamvu koma yankhanza: kutsamwitsa spliceosome yeniyeniyo. Bakiteriya wa m'dothi, Streptomyces platensis, amatulutsa pladienolide, imene imagwira SF3B1. Maselo a khansa, makamaka amene c-Myc yawathamangitsa, amadalira telala wawo kwambiri moti amafa msanga kuposa athanzi. Koma selo lililonse m'thupi lili ndi telala yemweyo. Mankhwala a E7107, ochokera ku pladienolide, anaimitsidwa pa kuyesedwa koyamba odwala ena atayamba kuvutika kuona. Otsatira ake, H3B-8800, anayesedwa pa khansa za m'magazi ndipo zotsatira zake zinali zochepa.

Mbewa zachiritsidwa khansa kambirimbiri m'malabotale. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amene ali pamphuno lero ndi opaleshoni kapena kuotcha chotupa chikapezeka chaching'ono, kuika chiwindi china kumene kuli zipangizo, mankhwala a sorafenib amene anabwera mu 2007, ndi atezolizumab pamodzi ndi bevacizumab kuyambira mu 2020. Kwa amene afika mochedwa, morphine ndi chisamaliro chochepetsa ululu ndi chithandizo chenicheni, ndipo n'choyenera kuchipempha.

Ndaona pa Facebook wina akugulitsa tiyi "wotsuka chiwindi" ndi "kukonza maselo". Ndigule?

Ayi. Palibe tiyi, ufa kapena khungwa limene linasonyezedwa kuti limakonza kadulidwe ka RNA mwa munthu. Chilichonse chimene mwamwa chimadutsa m'chiwindi, ndipo chiwindi chodwala kale ndicho choyamba kuvulala ndi zosakaniza zosadziwika.

Ndapezeka ndi hepatitis B. Nkhani yonseyi ikundiuza chiyani?

Kuti chofunika ndi kupatsa chiwindi mpata wopola, maselo abwerere ku ntchito yawo ya chikulire. Mankhwala a tenofovir amapondereza kachilomboka n'kuchepetsa chiopsezo cha zipsera ndi khansa, ngakhale sachithetseratu, ndipo mu 2024 WHO inakulitsa gulu la anthu oyenera kumulandira. Funsani dokotala ngati muli m'gululo. Tenofovir yemweyo ali m'ma ARV amene ambiri akumwa ku Malawi ndi ku Zambia, choncho amene ali ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi asasiye kapena kusintha mankhwala payekha, chifukwa kachilomboka kamadzuka mwaukali n'kuvulaza chiwindi. Mowa usiyeni kotheratu. Kuwonda kosadziwika bwino, maso achikasu, mimba yotupa kapena ululu pansi pa nthiti za kumanja si zodikira mwezi wamawa.

Ngati ndinu oyembekezera, uzani anamwino ku sikelo. Mwana akatenga kachilomboka pobadwa, 9 mwa 10 aliwonse amakhala nako moyo wonse, pamene mwa akuluakulu osakwana 5 pa 100 ndiwo amatero, ndipo n'chifukwa chake WHO imalimbikitsa katemera woyamba pasanathe maola 24 mwana atabadwa. Ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14. Mkazi kapena mwamuna wanu, azichimwene ndi azichemwali amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike sanamulandire ku sikelo, choncho apite akayezetse, ndipo amene alibe kachilomboka abayitse.